Mzuzu pa zaka 40: tikumbuke amene ankawamba ng'oma

Mu 2025 Mzuzu anakwanitsa zaka 40 chilandirireni ulemu wotchedwa mzinda. Ulemuwo unabwera mu 1985, patapita zaka 5 tauniyi itakwezedwa kukhala manisipalite. Pa chikumbutso chotere tinazolowera kuwerenga zomangamanga: yunivesite ya Mzuzu imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, chipatala chachikulu chimene chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, damu la Lunyangwa, misewu ya phula ndi masitolo akuluakulu. Zonsezi zilipodi ndipo n'zoyenera kuzitchula. Koma ine ndikufuna tikumbuke anthu ena amene mayina awo sali pa chikwangwani chilichonse: abambo amene ankawamba ng'oma pamoto wa mapesi kuseri kwa sukulu, amayi amene ankasonkherana makobidi ogulira nsalu yofanana, anyamata amene ankaboola zipanda kuti zikhale malipenga. Boma linasaina pepala lakuti uno ndi mzinda, koma amene anachititsa kuti anthu opanga lendi papuloti imodzi adziwane mayina ndi amenewa.

Mzinda wa Mzuzu sunayambe ngati mudzi wa makolo umene unangokula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 atsamunda anatsegula esiteti ya mitengo ya tung kumapiri a Viphya. Njere za mitengoyi ankayengera mafuta opangira penti ndi vanishi, ndipo ntchitoyo inkayendetsedwa ndi bungwe la ku Britain la CDC. Anthu anabwera kudzalima, kudzathyola njere, kudzaphikira azungu. M'zaka za m'ma 1950 likulu la chigawo chakumpoto linasamukira kuno kuchoka ku Mzimba, ndiye kunabweranso makalaliki, apolisi, aphunzitsi ndi amesenjala. Tung uja anatha, anthu n'kutsala. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 16,000 m'tauniyi. Wa 2018 anapeza 221,272. Ndiye kuti munthu wa zaka 50 waona ndi maso ake madambo ndi zitunda zikudzaza nyumba ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo, Mchengautuwa, Masasa, Luwinga ndi Ching'ambo.

Obwerawo sanali amodzi. Atumbuka anatsika kuchokera ku Rumphi ndi m'chigwa cha Henga, Angoni anachokera kwa Inkosi Mtwalo ndi madera ena a Mzimba, Atonga anakwera chitunda kuchoka kunyanja, Ankhonde anachokera ku Karonga, Alambya, Asukwa ndi Andali ku Chitipa. Pambuyo pake kunafika Achewa, Ayao, Alhomwe ndi Asena, ena pantchito ya boma, ena usilikali ku Moyale, ena malonda. Ndipo msika wa Taifa umachitira umboni kuti a ku Tanzania nawonso anapeza malo. Tisaiwale kuti agogo a ena mwa anthuwa analasana mikondo. Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumpoto m'zaka za m'ma 1850 anagonjetsa mitundu imene anaipeza. Atonga anawagalukira m'zaka za m'ma 1870 n'kubwerera kunyanja, ndipo cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaphedwa ambirimbiri paphiri la Hora. Pamene esiteti ya tung inkalemba anthu ntchito, kunali nkhalamba zimene zinamva nkhani zimenezi pakamwa pa makolo amene anaziona. Kuti zidzukulu zawo zitunge madzi pampopi umodzi n'kumaseka, panafunika china choposa pepala la boma.

Mpaka lero mukamufunsa munthu wa ku Mzuzu kuti kwanu n'kuti, kawirikawiri satchula Katawa kapena Chibanja ngakhale mchombo wake unagwera komweko. Amatchula Usisya, Euthini, Misuku, Chilumba, Kasungu, Mulanje. M'tauni ndi kofunira ndalama. Kukaya ndi kumene kuli manda a agogo. Tauni yotere ikhoza kukhala ngati depoti ya basi, pamene anthu amakhala phewa ndi phewa tsiku lonse, aliyense maso ali pachikwama chake.

Ine ndinafika ku Mzuzu kuchokera m'chigawo chapakati, Chitumbuka ndisakuchidziwa kupatula "monire" ndi "yewo". Ndinapeza nyumba ya lendi ku Chiputula. Anansi ankandipatsa moni mwaulemu, zinkathera pomwepo. Tsiku lina mu Disembala kunabwera mtsikana pakhomo, m'manja kope la sukulu ndi bolopeni, atatumidwa ndi amayi a kunyanja amene ankakhala mizere iwiri kutsika kwathu. Anagwada n'kufotokoza kuti amayiwo akukonza chilimika cha pa Nyuwere ndipo akuyenda khomo ndi khomo. Ndinayang'ana m'kopemo: munali mayina a Chitonga, a Chingoni, a Chinkhonde, ngakhalenso a Chiyao, aliyense ndi kangachepe kake pambali, ena ufa, ena nkhuni. Ndinalembetsa. Tsikulo litafika kunali mvula yamawawa ya ku Mzuzu ija, yosagwa n'kutha, koma bwalo linadzaza. Atsikana ndi amayi analowa pamzere, zitenje zofanana, kampango koyera m'dzanja, wotsogolera ali ndi wezulo kukamwa, mapazi akuponda matope mogwirizana. Ng'oma ikafooka ndi chinyezi, mnyamata ankathamanga nayo kukhitchini yapafupi kukaiwamba, ovina n'kumangopitiriza ndi m'manja mpaka ibwere. Nyimbo zinali za Chitonga, zina zodzudzula amuna opita kutheba osatumiza kanthu, ndipo amene sankamva ankatembenukira kwa mnzawo wapambali kuti awauze chimene chaseketsa anthu. Pamenepo m'pamene ndinayamba kucheza ndi bambo amene ndinkangodutsana naye pamsewu, wopalasa njinga yonyamula anthu, imene kuno amati sacramento. Patapita miyezi mwana wanga anatentha thupi usiku, ndipo khomo limene ndinagogoda mopanda manyazi linali lake.

Chilimika ndi gule wa amayi a ku Nkhata Bay wolandirira chaka chatsopano, ndipo mayendedwe ake anatengera malipenga a amuna awo. Malipenga enieniwo ndiwo ndikufuna tiwayang'anitsitse, chifukwa m'menemo muli nzeru yonse ya nkhani yathu. Gule ameneyu anabadwa pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhondo imene inafika mpaka ku Karonga mu Sepitembala 1914. Asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga atabwerera kwawo anabwera ndi perete m'miyendo ndi bandi m'makutu. Malipenga amkuwa analibe, ndiye anatenga zipanda zouma, n'kuboola, n'kumata pabowo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, munthu akaimbiramo mawu n'kumatuluka mwanthetemya. Masiku ano ambiri amamatapo pulasitiki. Zovala ndi malaya oyera, kabudula woyera wosita mpaka mzere kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopolisha. Savina mothamanga. Mwendo umakwezedwa mwachifatse, phewa n'kupendekeka, nkhope ili duu, ndipo ulemerero wake uli pakuti amuna onse pamzerewo atembenuke nthawi imodzi.

Koma chimene owonerera ambiri sachiona ndi dongosolo lake. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo lili ndi Kingi wake, akuluakulu a perete, dokotala ndi namwino wake, wosunga chuma ndi malamulo a chindapusa kwa wochedwa. Palibe amene anawalembera malamulowo. Ndipo boma silivina lokha mpaka kalekale ayi, limaitana linzake. Oitanawo amapeza malo ogona alendo, amaphika, amatunga madzi osamba. Chaka chinacho iwonso amakalandiridwa. Mpikisano umakhalapo, woopsa ndithu, wa zovala, wa nyimbo, wa kaponyedwe ka mwendo, koma opikisanawo amadyera mbale imodzi usiku. Atonga atakwera ndi mwambo umenewu kudzafika nawo m'malokeshoni a Mzuzu, anabweretsa njira yakuti anthu a dera lina akalowe m'nyumba za dera lina ngati alendo olemekezeka. Ndikaona anyamata akuyeserera pabwalo la sukulu madzulo, wina wa ku Ekwendeni, wina wa ku Dedza, akudzudzulidwa ndi mkulu wa ku Chintheche chifukwa chokweza mwendo wolakwika, ndimaona ntchito imene misonkhano ya m'mahotela yokamba za umodzi singaithe.

Zotere sizinachitike ku Mzuzu kokha. Kumigodi ya ku Zambia, katswiri wina wa za chikhalidwe, J. Clyde Mitchell, anafufuza gule wa kalela m'tauni ya Luanshya n'kusindikiza zimene anapeza mu 1956. Kalela ndi mbale wake wa malipenga, mganda ndi beni. Ovina ankavala mwaudongo wa m'tauni, nyimbo zawo n'kumanyogodola mitundu ina, anthu a mitundu yonyogodoledwayo ali pomwepo kuseka. Iye anaonanso kuti mitundu imene kale inkamenyana, monga Angoni ndi Abemba, m'tauni inasanduka yochitirana nthabwala ndi kuikirana maliro. Chidani cha makolo sanachikwirire mwakachetechete. Anachitulutsa pabwalo n'kuchiimba mpaka chinasanduka chibale.

Tsono tinene zoona za 1985. Chaka chimene Mzuzu ankalandira ulemu wake, gule wa pagulu anali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo anali Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda. Akamabwera kudzayendera mbewu kapena kumsonkhano wa chipani, amayi a mbumba ankatengedwa pamalole, sukulu zinkatsekedwa, ingoma, malipenga, chiwoda ndi vimbuza zonse zinkafola kudikira nthawi yawo, nyimbo zitasinthidwa mawu kuti zitamande munthu mmodzi. Amene anavina nthawi imeneyo ena amaikumbuka mokondwa, ndipo sindiwatsutsa: kumeneko n'kumene mayi wa ku Karonga anaonera ingoma koyamba, ndipo maluso ambiri anasungika chifukwa boma linkawafuna. Koma kukana kunalibe. Ndiponso kumpoto kunali bala lina. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chakwawo, mabanja ena n'kugawikana. Ndikulemba izi m'Chichewa, chiyankhulo cha amayi anga chimene ndimachikonda, ndipo n'chifukwa chake sindingazilambalale. M'zaka zimenezo, pamene wailesi inali chete pa Chitumbuka, Chitonga ndi Chinkhonde, malo amene ziyankhulozi zinkamveka mokweza, pagulu, popanda wopepesa, anali kutchalitchi, pamaliro ndi pabwalo la gule la m'lokeshoni. Amayi a gule wa visekese ndi atsikana a chilimika anasunga zambiri kuposa zimene ankadziwa kuti akusunga.

Zinthu zitasintha ndi riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, Chitumbuka chinabwerera pawailesi ya MBC, ndipo mitundu inayamba kukonza miyambo yake poyera. Lero mwezi wa Ogasiti ukafika, maminibasi amanyamuka ku Mzuzu kupita kuphiri la Hora ku Umthetho, mwambo umene bungwe la Mzimba Heritage Association limakonza pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Atonga amatsikira kunyanja ku mwambo wa Mdauku wa Atonga. Atumbuka amapita ku Bolero ku Gonapamuhanya, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe. Achewa a mumzindawu amasonkherana za thiransipoti kupita ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Alhomwe amayenda ulendo wautali wa ku Chonde ku Mulanje mu Okutobala. Amene anaonapo mazana a amuna a ingoma akuponda pansi nthawi imodzi patsinde pa Hora, zishango m'manja, nthenga kumutu, nthaka ikunjenjemera, sangapeputse miyambo imeneyi. Imabwezera anthu ulemu umene analandidwa, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera zimachokera m'matumba a anthu a m'tauni omwewa.

Komabe pali chimene chimandidetsa nkhawa. Miyambo yonseyi imachitikira kunja kwa mzinda, ndipo uliwonse umaitana munthu kuti abwerere kwa akwawo. Anansi amene chaka chonse amabwerekana mchere amakwera mabasi osiyana, wina kumadzulo, wina kumpoto, wina kunyanja, aliyense atavala nsalu ya mtundu wake. Mwana wobadwira ku Zolozolo, bambo Mngoni mayi Mlhomwe, amene amayankhula Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa cha mumsika, akwere basi iti? Ana oterewa ndiwo achuluka tsopano, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Mzuzu. Chinanso, pamene pasonkhana anthu ambiri andale sachedwa kufika. Amabwera ndi maenvulopu, amakhala kutsogolo, zoyankhula zimatalika, ovina amene anagona panja n'kupatsidwa mphindi zochepa dzuwa litapendeka. Mu 2017 mwambo wa Gonapamuhanya unasokonezeka ndi mikangano ya otsatira zipani, anthu amene anabwera kudzalemekeza makolo n'kubalalika. Gule wa m'lokeshoni, wa kope la sukulu uja, alibe maenvulopu, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe amene amamulanda.

Wina anganene kuti kuvina n'kusewera chabe, mzinda uli ndi mavuto enieni: madzi, zinyalala, misewu yokumbika, achinyamata osowa ntchito. Ndimamva. Koma tayang'anani amene amathamanga zinthu zikavuta. Pa 20 Julaye 2011, tsiku la zionetsero zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20 m'dziko muno, Mzuzu ndiye analira kwambiri, ndipo ena mwa ophedwawo anaikidwa pamodzi kumanda a Zolozolo. Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana, nyumba zinagwa m'zitunda ndi m'madambo, mabanja n'kukagona m'matchalitchi ndi m'sukulu. Thandizo la boma ndi la mabungwe limafika, koma limapeza anthu atayamba kale. Amene amadziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti muli gogo wosayenda, amene ali ndi mapoto akuluakulu, amene amatha kuyenda khomo ndi khomo anthu n'kuwakhulupirira ndi ndalama zawo, ndi amayi omwe aja a chilimika, a kwaya, a banki m'khonde, ndi abambo omwe aja a boma la malipenga ndi komiti ya maliro. Anaphunzira kusonkhetsa, kulemba, kugawa ntchito ndi kuwerengera anzawo ndalama poyera pa zinthu zachisangalalo, ndipo tsoka likagwa luso lomwelo ndilo limagwira ntchito. Dera limene anthu ake amangokumana pamaliro pokha limadziwana mochedwa.

Pali gule mmodzi amene ndimamutchula mosamala, ndiye vimbuza. Mu 2025 panatha zaka 20 kuchokera pamene bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti vimbuza, pamodzi ndi gule wamkulu, ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mwinoghe wa Asukwa a ku Chitipa analowa m'kaundula yemweyo mu 2018. Koma vimbuza kwenikweni ndi chipatala. Usiku m'malokeshoni a m'mphepete mwa mzinda mumamva ng'oma zake kwa ng'anga, wodwala atavala manjerenjeza, amayi atazungulira kuwomba m'manja ndi kuimba kuti mzimu umene wamugwira utuluke poyera. Mipingo yambiri sigwirizana nazo, ndipo pali anansi amene amatseka mawindo akazimva. Ine sindikufuna kuti odwala akokeredwe pabwalo kuti alendo awajambule pafoni. Pali vimbuza vya chionetsero, vimene akatswiri amavina masana, ndipo ivyo n'zokwanira pachikondwerero. Za usikuzo zisiyidwe kwa eni ake. Chimodzimodzi gule wamkulu: Achewa a ku Mzuzu akafuna kumutulutsa, atsate a kudambwe, osati komiti ya zosangalatsa. Umodzi wa m'tauni sufuna kuti aliyense avule zopatulika zake pagulu.

Kuti ng'oma zimenezi zili ndi moyo m'tauni, oimba a ku Mzuzu anationetsa kale. Wambali Mkandawire, amene anatisiya pa 31 Januwale 2021, anatenga kagundidwe ka ng'oma za kwawo ndi Chitumbuka chakuya n'kuziphatikiza ndi jazz, dziko lonse n'kutchera khutu, ngakhale amene sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Gulu la Body, Mind and Soul linachokera mumzinda womwewu ndi nyimbo zoyendera ng'oma za vimbuza, linapambana mpikisano wa Music Crossroads n'kukaimba ku Ulaya. Achinyamata amene amajambula nyimbo pakompyuta m'tizipinda ta ku Chibavi sadana ndi ng'oma ayi. Ambiri sanapezepo mkulu wowakhazika pansi n'kuwaonetsa kuti dzanja lamanzere limachita chiyani pamene lamanja likuyankha.

Ndiye pa zaka 40 zimenezi ndikulakalaka chiyani? Sindikupempha kuti khonsolo itikonzere chikondwerero, kapena kuti kampani ya mafoni itibweretsere galimoto ya zokuzira mawu. Akuluakulu anati fumbi ndiwe mwini. Zikondwerero zimene zakhalitsa kwina zinayamba ndi eni dera. Ku London, m'dera la Notting Hill kumene kunabuka zipolowe za tsankho mu 1958, anthu okhala komweko, ambiri ochokera kuzilumba za Caribbean, anayamba kuvina mumsewu mu 1966, ndipo lero anthu oposa miliyoni imodzi amasonkhana kumeneko mu Ogasiti. Kwathu konkuno, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo alendo ochokera ku Lilongwe ndi kutali amagona m'nyumba za othawa kwawo omwewo. Ngati anthu amene saloledwa n'komwe kukhala kunja kwa msasa anatha kuitana dziko kuti lidzawachezere, a ku Katawa angalephere kuitana a ku Luwinga?

Njira yake tili nayo kale, ndi ya maboma a malipenga ija. Lokeshoni imodzi iitane, ina ibwere, chaka chinacho asinthane. Oitana aphike zakwawo zonse: kondowole ndi usipa, mbalagha, mpunga wa kilombero, nsima ya mgaiwa, chindongwa cha ana ndi akulu omwe. Pabwalo palowe ingoma, malipenga, chilimika, visekese, mwinoghe, ndolo, beni, tchopa, malinga ndi amene akukhala m'deralo, ndipo gulu lililonse lilandire aliyense wofuna kuphunzira, asafunsidwe mfunda. Ndalama zilembedwe m'kope ndipo ziwerengedwe pamaso pa anthu tsiku lotsatira. Wandale akabwera alandiridwe ngati mnansi, akhale pamene apeza malo, nsalu ya chipani aisiye kunyumba. Mafumu a m'malokeshoni, mipingo ndi mizikiti athandize kuitana anthu, koma kope likhale m'manja mwa amayi, pakuti ndiwo akhala akulisunga zaka zonsezi.

Kwa akuluakulu a mzinda pempho langa ndi limodzi, la malo. Anthu akamachuluka chonchi, kabwalo kalikonse kopanda nyumba kamaoneka ngati puloti yongodikira mwini. Mabwalo ena amene ana ankasewerapo mpira masana, akulu n'kuvinapo madzulo, lero ndi mipanda ya njerwa. Mzuzu Stadium ndi Katoto Freedom Park n'zofunika, koma mayi wa ku Mchengautuwa sanganyamule mapoto ndi ana kupita kumeneko kukayeserera Lachitatu lililonse. Lokeshoni iliyonse ikufunika bwalo lake lotetezedwa ndi lamulo, lokhala ndi mpopi ndi chimbudzi. Nyumba yosungira zinthu zakale ya Mzuzu Museum, imene inatsegulidwa mu 1986, ndi ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu angathandize pojambula ndi kulemba nyimbo za magulu amenewa, makamaka zimene zinapekedwera m'tauni momwemuno, zonena za lendi, za malipiro ochedwa, za mtsikana wothawira ku Joni. Mbiri ya mzindawu ili m'nyimbo zimenezo kuposa m'mafayilo.

Nyengo yake ndi yosavuta kupeza. Ogasiti ndi wa Hora ndi Mkaika, ndipo sitikufuna kupikisana ndi mafumu. Mvula ya ku Mzuzu ikayamba imafika mpaka Epulo kapena Meyi, Juni ndi Julaye kuzizira kwake n'kosavinika usiku. Kumatsala masabata otentha aja mvula isanagwe, pamene fumbi limakweradi. Ndipo oyamba kuitana asakhale a m'madera a mipanda ndi mageti. Ayambe a ku Masasa kapena a ku Mchengautuwa, kumene anthu a ku Kaning'ina ndi Chimaliro amangokumva pofuna wantchito wa m'nyumba. Galimoto aziimike kumsewu waukulu, atsike wapansi kapena akwere sacramento, adutse pamilatho ya matabwa imene ana a kumeneko amawoloka popita kusukulu, akafike pabwalo ali ndi ludzu, awapatse chindongwa.